Malaya a Malemu Bambo

Mwana woyamba m'banjamo, yemwe anali telala, anadula malaya a malemu bambo ake osapempha mayi. Zigambazo anazilumikiza n'kusoka kabulangete ka khanda la mng'ono wake.

Tsiku lokaona mwana, mtima wa telalayo unali m'mwamba, chifukwa malayawo mayi ankawasunga m'sutikesi osalola munthu kuwakhudza. Anapereka mphatsoyo mayi ali pomwepo.

Mayi anaitambasula pamiyendo, chala chawo n'kuima pa kathumba kamizeremizere.

"Amayi, pepani, ndimangofuna..."

"Malaya abuluu aja wadulanso?"

"Ayi, atsala."

"Nanga ukudikira chiyani? Ine msana ukuzizira, iwe ukuganizira khanda lokha!"

Kenako anafunditsa mdzukulu wawo, uku akupukuta misozi.