Kiyi wa Malemu Mtengula

"Kodi kiyi wa malemu Mtengula akutsegulabe zitseko chifukwa chiyani?"

Anafunsa choncho ndi Mayi Namakhwa, mkulu wa ofesi, pa msonkhano wa Lachiwiri m'mawa. Wina anayang'ana foni, wina anakonza tayi, ndipo Ndaziona Mbendera, yemwe ankasunga makiyi onse, anangopenya m'kapu yake ya tiyi ngati muli nkhani.

Ofesiyo inkasunga malire a minda ya alimi m'makompyuta akuluakulu otchedwa maseva. Munda uliwonse unkalembedwa katatu, ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kuti kwina kukazima magetsi, kwina kuzikumbukirabe. Makiyi ake sanali achitsulo ayi, unali mzere wautali wa zilembo ndi manambala. Ena anali ndi kiyi wongowerengera, ena wolembera, koma wa Bambo Mtengula ankatsegula paliponse. Bambowa ndi amene anamuphunzitsa Ndaziona ntchito atangotuluka ku yunivesite, ndipo anamwalira mu Malichi. Chiliza chawo chinali chisanavundukulidwe. Kwawo kwa Ndaziona katundu wa malemu sagwidwa mwambo wotsiriza usanachitike, choncho ankati akafika pa dzina lawo kuti afufute, dzanja linkalemera.

Masana anzake atapita kukadya, iye analowa m'chipinda chozizira cha maseva, anatsamira khoma, nalota.

Kumbuyo kwa maseva kunali khonde la zitseko zitatu. Makiyi a ofesi yonse anali atamangidwa kunsonga kwa chitenje chake, ndipo ankapuma mwakachetechete ngati anapiye. Atafika pa chitseko choyamba, chitsekocho chinakhosomola pang'ono n'kufunsa.

"Mwabwera kudzawerenga kapena kudzalemba, mayi?"

"Kudzawerenga."

"Lowani. Manja kumbuyo."

M'katimo munali munda wa chimanga, mvula ya ku Mzuzu ikuwaza. Mayi wina wovala duku lofiira ankapalira, ndipo kumalire kwa munda wake kunali chulu. Pa khasu lake panalembedwa dzina, Nachisale. Kuchitseko chachiwiri kunali munda womwewo, Nachisale yemweyo, chulu chomwecho, koma pafumbi la ku Lilongwe. Kwachitatu kunali chiperoni cha ku Blantyre. Nachisale wa ku Mzuzu atayetsemula, awiri enawo anayetsemulanso asanathe kupuma kamodzi.

Ndaziona anamva kukoma mumtima. Maseva atatuwa anawalumikiza yekha, kwa miyezi isanu ndi umodzi, amuna a mu ofesi akunena kuti sizingatheke popanda kuitana mzungu.

Kenako m'munda wa ku Mzuzu munalowa nkhalamba ina. Inali yakufa, ndipo zinkaoneka chifukwa mvula sinkainyowetsa. Inanyamula chulu chija, n'kuchisenza pamutu ngati ndowa, inayenda mapazi asanu kulowa m'munda wa Nachisale, n'kuchitula. Ku Lilongwe chulu chinasuntha chokha. Ku Blantyre nakonso chinasuntha. Anachisale atatu anaweramuka, napeza mizere isanu ya chimanga chawo ili kuseri kwa malire. Sanalire. Anangoima, makasu m'manja, kuyang'ana Ndaziona.

"Agogo, mwalowa ndi kiyi wa yani?" anafunsa Ndaziona.

"Wobwereka," inatero nkhalamba. "Mundawu unali wa malume anga kale, njanji isanabwere. Ndikungokonza."

Anaitsatira mpaka kumapeto kwa khonde. Kumeneko kunali benchi, ndipo pa benchipo panakhala Bambo Mtengula, atavala suti imene anaikidwa nayo, magalasi ali pamphumi monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwawo kunali mzere wa akufa, wautali mpaka kukhota. Wina anali atanyamula mtengo wa mango ndi mizu yomwe, wina anali atapinda mtsinje n'kuukolekera paphewa. Nkhalamba ija inabweza kiyi kwa Bambo Mtengula ndi manja awiri, iwo n'kumupereka kwa wotsatira.

Ndaziona anagwada.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndili gwa, kupatula kufaku. Nanga iwe? Maseva a ku Mzuzu asiya kutentha?"

"Asiya. Ndinasintha mafani."

"Wachita bwino." Anatsitsa magalasi, namuyang'ana. "Wabwera mochedwa."

"Ndimadikira chiliza, bambo."

"Chiliza chikudikira simenti, simenti ikudikira mlamu wanga, ndipo mlamu wanga ukumudziwa." Analoza mzere uja ndi chibwano. "Kuno sitimanana. Mnzako akakupempha khasu, umamupatsa. Akakupempha kiyi, ungakane bwanji, mukugona manda oyandikana? Ine ndinabwereketsa mmodzi yekha. Taona."

"Aliyense pano ali ndi chifukwa chomveka," inatero nkhalamba ija.

"Ndamva, agogo," anatero Ndaziona. "Koma chimangacho akudya ndi amoyo."

Mzere wonse unang'ung'udza. Mayi wina wakufa, wonyamula mpanda wa nkhadze, anati ana a masiku ano sukulu inawadya ulemu. Wina anafunsa kuti mwanayu ndi wa kwa yani, kuti akawauze agogo ake, poti agogo akewo ali pafupi pomwepa.

Kiyi uja anabwerera m'manja mwa Bambo Mtengula. Anali wakuda, wosalala chifukwa chogwidwagwidwa, ndipo anali ndi mano awiri. Dzino lalifupi linali lowerengera, lalitali lolembera. Kiyiyo anayankhula ndi mawu otopa.

"Chiyambire Malichi sindinagone, mayi."

Ndaziona anatambasula manja awiri. "Ndikupempha kiyi, bambo."

Bambo Mtengula sanasunthe. "Ndinakuphunzitsa kupempha ine?"

"Ayi."

"Ndinakuphunzitsa chiyani tsiku loyamba?"

"Kuti munthu apatsidwe chitseko chokhacho chimene ntchito yake ikufuna. Ngakhale akhale bwana. Ngakhale akhale inuyo."

"Nanga ntchito ya wakufa ndi yotani?"

Ndaziona anaganiza. Kumbuyo kwake zitseko zitatu zinali zotsegula, ndipo Anachisale atatu anali chiimire.

"Kuyang'anira," anatero. "Kuona ngati tikusunga bwino. Osati kusuntha zulu."

Anadzuka, nalanda kiyi m'manja ozizirawo. Sanapepese. Anaika dzino lalitali pakati pa mano ake, nalithyola ngati mmene amathyolera nzimbe. Linamveka kuti thwa, ndipo m'minda itatu ija chulu chinanyamuka chokha n'kubwerera pamalo pake, chiswe chili pambuyo pamzere. Mtengo wa mango unatsika m'manja mwa mwini wake n'kuyamba ulendo wa kwawo. Mtsinje unatsetsereka paphewa, nuyenda pansi pa benchi osanyowetsa munthu. Anachisale atatu anawerama nthawi imodzi, napitiriza kupalira.

Ndaziona anabweza kiyi wa dzino limodzi, tsopano ndi manja awiri. Bambo Mtengula anatembenuza kiyiyo, namuyesa kulemera, kenako anatembenukira mzere wa akufa, chifuwa chili patsogolo.

"Mwamuona? Uyu ndinamuphunzitsa ndine. Anabwera osadziwa ngakhale kumanga waya."

"Waya ndinkadziwa, bambo."

"Khala chete, ndikukutama."

Zitseko zitatu zinatsekeka, chimodzi chimodzi, ndipo chachitatu chinati, "Muyende bwino, mayi." Ndaziona anadzidzimuka khosi litauma, maseva akung'ung'uza monga mwa masiku onse. Anatokosa m'mano ndi lilime. Munalibe kanthu.

Anakhala pa kompyuta yake. Pa dzina la Bambo Mtengula dzanja silinalemere. Atatha anatsegula munda wa Nachisale ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo chulu chinali pamalo amodzi konse kutatu. Anasindikiza kapepala kamodzi, nakapinda kanayi, n'kukagogoda kwa Mayi Namakhwa, omwe anali akumalizitsa chinangwa chawo.

"Mayi, kiyi wa malemu ndamufufuta," anatero. "Ndapanga wina m'dzina lawo, wongowerengera basi, wotsegula minda ya kwawo yokha. Kiyiyo ali pakapepala aka. Tsiku lomanga chiliza ndidzapita ndine, ndipo kapepalaka kadzalowa pansi pa simenti."