Ukonde wa a Simioni pa ringi

Ayi iwe dikira kaye, sunamve poyambira kkkk. A kochi Enelesi aja, atalitali aja, amati ankasewera basiketibo ku Maputo, kumalipidwa ndithu, mpaka bondo linawavuta n'kubwera kuno ku Monkey Bay kudzaphunzitsa atsikana. Koma chibwerereni palibe anawaonapo akuponya mpira pa ringi. Iwo n'kuimba wezulo basi.

Ndiye Ndaona, mnzake wa Tikhala, onse a mu timu ya atsikanayo, tsiku lililonse: "Amenewa ku Maputo ankagulitsa mandasi."

Tikhala zinkamuwawa poti a kochiwo amawakonda, komanso naye kamtima kankamuyabwa kuti kodi n'zoona? Tsiku lina anangolimba mtima.

"A kochi, inuyo bwanji simuponyako?"

"Pa ringi yopanda ukonde? Ine ndinazolowera kumva kuti shwaa. Popanda kaphokoso kameneko dzanja limakana."

Basi Tikhala uyo kugombe kwa bambo ake a Simioni, amene amasoka maukonde a asodzi. "Ababa, tandisokerani kaukonde ka pa ringi." Iwo sanafunse zambiri. Anadula chidutswa cha ukonde wakale wa chilimira, kusoka bwinobwino, Loweruka n'kubwera okha ndi makwerero kudzamangirira.

A kochi anauyang'anitsitsa ukondewo. Kenako anavula wezulo, n'kumadunditsa mpira chobwerera m'mbuyo mpaka pakati penipeni pa bwalo. Tikhala maso ali pa mpira, poti a kochi akaphonya basi Ndaona amuseka mpaka adzamalize sukulu.

Mpira uwo m'mwamba. Shwaa. Osakhudza ndi chitsulo chomwe.

Koma osatsika kkkkk. Uli lende m'mwambamo ngati chambo chokodwa. A Simioni anasoka ndi pansi pomwe amwali!

"Bambo a Tikhala, pansipa pamayenera kukhala pobooka," anatero a kochi, misozi ili mbwee ndi kuseka.

"Pobooka? Mwavutika kuchokera uko konse, chinthu chalowa, ndiye chitulukenso? Ukonde wotero ine sindinasokepo."

Ananyamula makwerero awo n'kumapita, akupukusa mutu.

Tikhala analibe nazo ntchito zimenezo, mano onse pamtunda. Anamugunda Ndaona ndi chigongono. "Nanga mandasi aja, asisi?"

Ndaona anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako akuti:

"Chabwino, ankaseweradi. Koma ukwere ndiwe, mpira tili nawo ndi womwewo."