Keyala ya Bambo

"Ndikasiye kapena ndikazimitse?" anandifunsa Chamunorwa, akuloza kabokosi kakang'ono pa galasi la kompyuta.

Chamunorwa anali katswiri wa ku Mutare amene kampani inamutuma kudzaika pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta ya mu ofesi mwathu, pa esiteti ya tiyi ya ku Honde. Ine ndinali kalaliki, ndipo kompyutayo ndinkainyadira ngati ndinaibala ndine. Munali mu Okutobala wa 2008.

"N'kachiyani?" ndinatero.

"Sisi Bernadeta, kompyuta ikamalowa pa intaneti imakhala ndi keyala yake, ngati nyumba. Tsono makeyala akale akutha. Pulogalamu iyi ikudziwa atsopano, a IPv6. Amenewo ndi ochuluka moti tsamba lililonse la tiyi m'chigwa muno likhoza kukhala ndi keyala yakeyake." Anakanda m'mutu. "Koma makina anu olumikizira intaneti ndi akale. Kaya agwirizana."

"Kasiyeni," ndinayankha mwamatama. "Ife a kuno tatsalira kokwanira."

Anafuna kuyesa kaye, koma magetsi anazima, ndipo galimoto yomwe inamubweretsa inali ikuliza hutala panja. Ananyamula chikwama chake n'kumapita.

Magetsi atayaka mawa lake, makalata a pa intaneti sanalowe ngakhale imodzi. Kompyuta inkangozungulira, kufunafuna njira yatsopano imene makina akale aja sankaidziwa. Abwana ankadandaula za makalata a ku likulu. Ine mtima unali pa kalata ina.

Bambo anga, a Norbert, anachoka ku Thyolo mu 1961 n'kudzathyola tiyi kuno zaka makumi anayi. Chitupa chawo chinkanenabe kuti ndi mlendo. Kumudzi anasiya mlongo wawo mmodzi, a Elena, ndipo makalata a awiriwa anasiya kuyenda ine ndisanabadwe. Chifuwa chitawagwira mu 2008 momwemo, anayamba kumutchula tsiku ndi tsiku. Ndiye ndinalembera parishi ina ya ku Thyolo, pa kompyuta ya ku ofesi, kufunsa ngati azakhali angawo ali moyo. Yankho ndi lomwe tinkadikira.

Masana aliwonse ndikatsikira ku kompaundi, ndinkawapeza pakhonde akuwothera dzuwa, atavala jekete ngakhale kunkatentha.

"Yabwera?"

"Ayi, Baba. Makina akuvuta."

"Makina!" Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. "Kale kalata inkayenda mwezi wathunthu pa sitima, koma inkafika. Zanuzi zothamanga ngati mphezi, zikuthamangira kuti?"

"Akuti asintha makeyala."

"Asintha? Ine keyala yanga sinasinthepo. Bokosi la kampani, nyumba ya kampani. Moyo wonse ndakhala pa keyala ya eni ake." Anayang'ana mapiri. "Uwauze achite changu, mwanawe. Mlendo ndi mame, ndipo dzuwa lakwera."

Ndinawakalipira kuti asamalankhule zoopsa. Ndinali ndi pakamwa ine, ndipo ndikachita mantha ndimakalipa.

Kabokosi kaja ndinakakumbukira, ndisaname. Ndinakasakasaka m'kompyutamo osakapeza, ndipo manyazi anandiletsa kuuza abwana kuti mwina vuto ndinaliitana ndekha. Foni ya Chamunorwa inkagwira mwa apo ndi apo. Ikagwira, mawu ankadukaduka, n'kungomveka kuti mafuta a galimoto kulibe, ndidikire. Ku kiliniki ya pa esiteti nako mashelefu anali mbee. Bambo anamwalira Lachiwiri m'mawa, ine ndikuwapukuta thukuta. Mawu awo omaliza omveka bwino anali funso lomwe lija.

Tinawaika Lachinayi kumanda a antchito, kuseri kwa fakitale.

Lolemba lotsatira Chamunorwa anatulukira ali fumbi lokhalokha. Anakwera lole yodzatenga nthochi mpaka pa Hauna, kwinako anayenda pansi. Ataona mpango wakuda kumutu kwanga, anavula chipewa.

"Nematambudziko, sisi," anandipepesa m'Chishona.

Anakhala pampando wanga, n'kutsegula apa, kutsegula apo. Kabokosi kaja kanaonekera. Anakadina kamodzi kokha, kachizindikiro kanachoka. Sizinatenge ngakhale nthawi yofunika kuwiritsa madzi a tiyi. Makalata anayamba kugwa, ina pamwamba pa inzake, makumi atatu ndi mphambu zinayi.

Ya ku Thyolo inali yachiwiri kuchokera pansi. Ndinayang'ana deti lake. Inatumizidwa tsiku lotsatira chibwerere Chamunorwa ulendo woyamba uja. Masiku onse amene Bambo ankafunsa pakhonde, kalata inali itafika kale, ikungodikira pakhomo lomwe ndinatseka ine.

Analemba anali katekisiti, koma mawu anali a azakhali:

"Achimwene, ndili moyo, maso okha ndiwo afooka. Ndinkayesa munatsikira kuli chete kalekale. Mtengo wa mapeyala munabzala uja ukubalabe, ndipo malo anu sindinapatse munthu. Tumizani keyala yanu yeniyeni, mdzukulu wanga akutumizireni chithunzi changa, muone mmene ndakalambira."

Ndinalira mokweza, mu ofesi momwemo, osasamala za abwana.

"Mlandu si wanu," anatero Chamunorwa motsitsa mawu. "Ndikanayesa ndisanachoke. Ndipotu makeyala amenewa adzagwira ntchito ndithu, kungoti nthawi yake..."

"Pitani mukamwe tiyi," ndinamudula. Sindinafune kumva za nthawi.

Nditatsala ndekha ndinadina poyankhira. Azakhali anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo anayenera kuyankhidwa. Pawindo ndinkaona tiyi atayala mapiri onse, masamba osawerengeka, lililonse loyenera keyala yake malinga ndi Chamunorwa. Ndinapukuta maso, n'kuyamba kulemba pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi:

"A Norbert, kuseri kwa fakitale, mzere wachitatu, pafupi ndi mtengo wa bulugamu."