Batani la Mashifiti

Mwezi umodzi wokha, mahotela atatu anatithawa n'kupita ku kampani ina ya ku Dubai. Mu ofesi yathu ku Al Mirqab, kudziko la eni kutali ndi kwathu, mabwana anayamba kuyenda ngati nkhuku zonyowa. Kampani yathu inali yaikulu, yopanga pulogalamu ya pafoni imene alonda, madalaivala ndi antchito a m'mahotela amalembetsera akalowa ntchito ndi akaweruka. Ine Eveless ntchito yanga inali yoyankha mafoni a Amalawi pulogalamuyo ikawavuta.

Lachiwiri anandiitana kumsonkhano wa akuluakulu. Sanandiitane kuti ndikalankhule ayi, ankangofuna kuti ndikamasulire chidziwitso m'Chichewa. Mayi Rabia, amene ankakonza mapulani a kampani, anaima kutsogolo.

"Anzathuwa akutipitirira chifukwa pulogalamu yawo imajambula nkhope ya munthu polowa ntchito," anatero m'Chingerezi. "Nafenso tichite zomwezo. Ndipo batani losinthanirana mashifiti lija la mu pulogalamu yathu tilichotse. Pa anthu zana, awiri okha ndi amene amalidina."

Ine ndine wamtima wapachala, ndinabadwa choncho. Ndinakweza mkono.

"Manambala anuwo akunama, mayi. Anthu amasinthana mashifiti tsiku ndi tsiku."

Onse anacheuka, ndiye ndinawafotokozera. Kumudzi kukagwa maliro, mlonda sangangodzuka n'kukwera ndege. Timasonkhana m'chipinda chake ku Fereej Bin Omran tsiku lathunthu kuti asalire yekha, shifiti yake wina n'kumugwirira. Koma kwathu supempha munthu wamkulu thandizo podina batani ngati ukuitanitsa takisi. Umapita wekha, kuvula nsapato pakhomo, kupereka moni, kufunsa za ana, kenako n'kutula nkhani. Akavomera umamupatsa foni yako m'manja, iye n'kukalembetsa m'dzina lako.

"Mukaika chojambula nkhope mwapha zonsezi," ndinatero. "Bwanji osakonza batanilo kuti anthu awiri akagwirizana pamaso, angogunditsana mafoni? A ku Dubai alibe zimenezo."

Ndinakhala pansi ndikudziona ngati ndapulumutsa kampani. Uchitsiru wanga!

Mayi Rabia anamwetulira. "Ndiye kuti alonda akulowa ntchito ndi mafoni a anzawo? Zimenezi ndi zomwe tikawauze a mahotela. Aone kuti ife timagwira achinyengo kuposa a ku Dubai. Eveless, anthuwa umawadziwa. Utipatse maina makumi awiri pofika Lachinayi."

Ndinkadziwa bwino kuti aliyense amene ndingamutchule achotsedwa ntchito n'kubwezedwa kwawo. Pakamwa panga ndi pamene panawagulitsa, ndipo madzi akatayika saoleka. Ndinachita manyazi, kenako manyaziwo anasanduka ukali.

"Sindipereka," ndinatero.

"Kontrakiti yako ikutha mwezi wamawa," anandikumbutsa mofatsa. "Ndipo chitupa chako chokhalira m'dziko muno chili m'dzina la kampani ino."

"Ndikudziwa, mayi. Maina nawonso ndikuwadziwa, ndi midzi yawo yomwe. Palibe hotela imene inagona yopanda mlonda chifukwa cha iwo. Mukufuna kupikisana ndi a ku Dubai, pikisanani ndi nzeru zanu. Misana ya anthu oferedwa muisiye."

Bwana wina anatsokomola. Wina anayamba kusuzumira mu kompyuta yake ngati muli chodabwitsa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiikira kumbuyo, ngakhale aja ndinkadya nawo masana. Mayi Rabia anandiuza kuti ndikasiye khadi langa la ntchito kwa mlonda pakhomo, ndikadikire kalata kunyumba.

Ndinatenga chikwama, kapu yanga ndi kachithunzi ka mwana wanga wamkazi. Ndinatsika kulowera pakhomo. Ndinkaopa.

Pakhomo ndinapeza bambo Wickson, mkulu wa ku Ntcheu waimvi kale, amene nthawi zonse ankalondera kuhotela ina ku Al Waab.

"Mwaswera bwanji, bambo? Lero muli kuno?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndikumugwirira Macfussy, mwana wanga. Mayi ake atisiya dzulo ku Balaka. Anabwera yekha ku rumu kwanga, ndikanakana bwanji? Koma pepani, andiimbira a pamwambapo kuti nditenge khadi lanu, akuti khalas, zanu zatha. Mwalakwa chiyani?"

"Ndayankha abwana mwamwano, bambo."

Anapukusa mutu. "Inu ana a masiku ano. Kuno n'kwa eni, muzitseka pakamwa. Mudzapalamulitsa anzanu."

"Ndamva, bambo."

Ndinawapatsa khadilo ndi manja awiri. Anatsegula buku la pakhomo, nalemba nthawi imene ndatuluka, ndipo pamalo a dzina la mlonda analembapo mosamala kuti Macfussy.