Anthu 4!

"Mipando yonseyi, aphunzitsi, kuli ukwati?" anafunsa telala woyandikana nane nyumba, akundipatsira mpando wake womaliza pamwamba pa mpanda.

"Mwana wanga akubwera ndi gulu la anthu 24," ndinatero, ndikumuonetsa foni. Uthenga wake unati: Loweruka tibwera anthu 4!

"Apa ine ndikuona folo."

"Taonani mfuwulirowo. Pa masamu, nambala ikatsatidwa ndi kachizindikiro kameneka timaichulukitsa ndi zonse za pansi pake. Folo, fili, thu, wani: 24."

Telala anapukusa mutu. "Kupuma pa ntchito kwakupwetekani inu."

Sindinamutsutse. Nthabwalayi tinaiyamba mwanayo ali kusekondale, ndipo amayi ake ankatitcha amisala awiri. Koma amayi akewo atatisiya, iye n'kukwatiwa kutali, mauthenga anayamba kubwera mwa apo ndi apo, afupiafupi ngati a kuchipatala. Ndinkangofuna alowe pageti, aone mipandoyo, agwe nazo chiphwete monga kale.

Loweruka ndinaindandalika pabwalo m'mizere ngati m'kalasi, n'kuipukuta umodzi umodzi. Masana foni inanjenjemera.

"Ababa pepani, ana adwala chimfine, bambo awo ali kuntchito."

"Ndiye mubwera angati?" ndinalemba.

"0."

Zinandiwawa kwabasi, koma foni sindinaiike pansi. Pali chimene ndinamuphunzitsa ndekha, iye n'kukana mpaka misozi: ziro akalandira mfuwuliro, yankho limakhala wani. Munthu mmodzi. Akanati akwere basi yekha, ine zikanandikwanira. Chinkangosowa n'kamzere kamodzi ndi kadontho pansi pake.

Foni inaonetsa kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso. Ndinapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa shati.

"Mankhwala mwamwa?"

"Ndamwa mapilisi 5!" ndinayankha msangamsanga. Amenewo ndi mapilisi 120, oti njovu yomwe singadzuke. Ndinadikira kuti andikalipire, anditche wamisala.

"Mwachita bwino ababa. Tiyankhulana."

Telala anasuzumira pampanda, tepi ili m'khosi. "Alendo aja afika?"

"Ali m'njira," ndinatero.

Anayang'ana mizere ija, n'kuyang'ana ine, n'kuchoka pampandapo. Patapita kanthawi makina ake anayambanso kulira. Ndinakakhala pa mzere wakumbuyo, pamene pamakhala ana osadziwa yankho, foni ili pabondo.