Ambululu a Kumunsi kwa Msewu

Ledisoni anatsika minibasi pa Limbe masana, n'kuponda mumtsinje. Depoti panalibe. Panali phiri lokha, lija anang'ambamo msewu ndi chimakina chaka chatha. Madzi anali psuu. Dothi la msewu wake linkatsikabe, chonsecho mvula inali itasiya kalekale.

Ambululu ankabwera pamwamba mmodzimmodzi, kukamwa kuli yasa, kenako n'kugadama. Matope anali atakwirira ndere zimene ankadya. Anali atatseka ming'alu ya miyala imene ankabisalamo.

"Mwafika, bambo," anatero mawu kumbuyo kwake.

Anali mayi ake, Nasibeko. Anaikidwa m'manda iye ali paulendo. Uthenga unamupeza patapita masiku anayi.

"Musacheuke. Ife timaoneka m'madzi basi."

Anayang'ana pansi. Matope okhaokha.

Anayamba kukokolola matopewo ndi manja, ndi nsapato, mwaphuma. Madzi anavunduka kuposa kale. Ambululu ena khumi anagadama.

Mmodzi anamugunda pabondo. "Pepani achimwene," anatero. "Chithandizo chanuchi chikutimaliza."

"Madzi apampopi anakupusitsani," anatero mayi ake. "Wotunga pamtsinje sapondaponda. Amaima, madzi n'kuyera okha."

"Ndiime mpaka liti, amayi?"

"Munaimapo chibadwire, kuti mudziwe?"

Ledisoni anaima. Miyendo inkamunyerenyetsa. Inali miyendo yozolowera kuchoka, nyumba zalendi zisanu ndi ziwiri, akazi awiri, osatsanzika paliponse. Anaigwira m'mawondo. Phiri linali zii. Palibe mbalame inadutsa.

Pang'onopang'ono dothi linayamba kukhala pansi. Mwala unaoneka. Ambululu atatu otsala analowa pakati pa mapazi ake n'kuyamba kupuma bwino. Kenako pamwamba pa madzi panaoneka duku lobiriwira la mayi ake. Kenako chipumi.

Hutala inalira kuseri kwa mitengo.

"Abwana ajekete, Limbe ndi yomweyi," anaitana kondakitala. "Dzukani, ife tikubwerera."

Kungosuntha phazi limodzi, zonse zikanavundukanso. Ledisoni ankadziwa.

"Akukuitanani, bambo," anatero mayi ake. "Si mumapita inu?"

Ledisoni anayang'anabe m'madzimo. Nsidze zinali zitayamba kuoneka.

Hutala inaliranso, kachiwiri, kachitatu, kenako patali. Minibasi inapita ndi chikwama chake. Ledisoni anatsala chiimire, madzi ozizira m'mawondo, akudikira maso.