Ndodo Yolemera ya a Madasamy

Achimwene anga a Madasamy atatuluka m'ndende, manja awo sankatha kunyamula ngakhale mtsuko wa madzi. Anakhalamo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo m'zaka ziwiri zomalizazo chifuwa chachikulu chinawadya mpaka kutsala mafupa okhaokha. Ndinawapatsa kachipinda ka kuseri kwa nyumba yanga ku Sengottai, mmene ndinkasungira mpunga wa idli, timikate tophika pa nthunzi tomwe ndimagulitsa pa depoti ya basi. Kwa mwezi wathunthu sanatuluke pakhomo. Ankangokhala pamkeka n'kumayang'ana zikhatho zawo.

Chimene anamangidwira palibe amene sachidziwa kwathu. Pa chikondwerero cha kukachisi, magulu awiri a anyamata osewera silambam, masewera athu a ndodo, anakanganirana kuti ndani atsogolere ngolo ya mulungu. Ndodo ya achimwene inagwera pamutu pa Thangapandi kamodzi kokha. Thangapandi anafera m'njira popita kuchipatala, n'kusiya mkazi ndi mwana wamwamuna mmodzi, Esakki, amene pa nthawiyo anali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Tsiku lina ndikupera mpunga, achimwene anadzaima pakhomo la khitchini.

"Gomathi, mawa usatsegule malonda. Undiperekeze kwa aphunzitsi a Nainar. Ndikufuna ndodo."

Ndinasiya kupera.

"Ndodo ya chiyani, achimwene?"

"Adokotala anati ndizilimbitsa mikono."

"Adokotala anati muzidya mazira. Za ndodozo ine sindinazimve."

"Ukakana ndipita ndekha."

M'mawa mwake tinakwera basi yopita kumudzi wa m'tsinde mwa mapiri. Kondakitala anawayang'ana achimwene nthawi yaitali asanadule tikiti. Mayi wina amene anakhala patsogolo pathu anacheuka kamodzi, n'kunyamula dengu lake kukakhala kumbuyo.

A Nainar anaphunzitsa ndodo theka la anyamata a m'dera lathu, achimwene ali m'gulu lomwelo. Maondo atawakana anayamba kukonza ndodo zogulitsa. Tinawapeza atakhala pampando wa matabwa pabwalo, akuwamba nsungwi pamakala kuti iwongoke. Diso lawo limodzi linali litayera ndi ng'ala. Pabwalo ponse pankanunkha mafuta a nsatsi, ndipo ndodo zinali zitatsamira khoma kuyambira pachipata mpaka kukhola la mbuzi.

Achimwene anawerama n'kugwira mapazi awo.

"Uyu ndiye ndani, mzukwa?" anatero a Nainar. "Madasamy! Akutulutsa kapena wathawa? Ankakudyetsa chiyani kumeneko, mphepo?"

"Ndabwera kudzagula ndodo, aphunzitsi."

Nkhope ya mkuluyo inasintha. Anachotsa nsungwi ija pamoto, n'kuiyang'ana ngati ndiyo yalankhula.

"Tadzuka, ndikuyeze."

Anatenga ndodo imodzi n'kuiimika patsogolo pa achimwene. Inafika pamphuno, ndipo anaiika padera. Yachiwiri inafika pachipumi penipeni. Anaigubuduza pasimenti kuti aone ngati ikudumpha, anaimenyetsa pamwala khutu lili tcheru, kenako anayendetsa chala pamfundo iliyonse kufufuza timabowo ta anankafumbwe.

"Iyi ndi nsungwi yaimuna, ilibe mphako m'kati. Inadulidwa mwezi uli mumdima, inagona m'madzi masabata atatu, yamwa mafuta miyezi iwiri. Taigwira."

Achimwene anaigwira chapakati. Poyamba inkagwedera. Kenako dzanja linatembenuka, phazi lamanzere linabwerera m'mbuyo, ndipo ndodo ija inayamba kuzungulira. Munthu amene ankalephera mtsuko uja anazimiririka. Ndodoyo sinkaonekanso, kunkangomveka kulira kwake ngati mphepo yolowa pazenera, ndipo mbuzi zinathamangira kumapeto kwa khola. Kulira kumeneko ndinakumva komaliza tsiku la chikondwerero lija.

Mwadzidzidzi anaitaya pansi ngati yawawotcha, n'kuyamba kutsokomola atagwira maondo.

"Dzanja silinaiwale," anatero a Nainar. Anadikira kuti chifuwa chikhale bata. "Ndiye tamvera. Lachisanu lapitali kunabwera mwana wa Thangapandi ndi anzake awiri. Anagula ndodo zitatu zamtundu womwewu, n'kundiuza kuti ndiike mphete zamkuwa kumapeto."

"Inu n'kuika?" Ndinafunsa ine mosaganizanso za ulemu.

"Ndinaika, mwana wanga. Ndikanakana akanapita kumsika kukagula chikwanje, ndipo chikwanje sichibwerera m'njira. Komanso nayenso ndi wophunzira wanga. Zaka zisanu ndi zitatu, osajomba ngakhale mvula igwe chotani. Mwana wa anthu anabwera ndi mayi ake ali wamng'ono, mayiwo ndi amene anamuperekera masamba a tambula, mphatso yoyambira maphunziro." Anatembenukira kwa achimwene. "Ndi wothamanga kuposa mmene unalili iwe. Tola iyo wataya. Mphete ndikuikira ulere."

Achimwene sanatole. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma mpaka pakona, pamene panali ndodo imodzi yakuda, yonenepa ngati dzanja la munthu, kangaude atamangapo ulusi.

"Nanga iyi?"

"Imeneyo ndi mtima wa bwemba. Ndinaisemera omenya ndewu yogwetsana, kuti azikulitsira mapewa. Si yomenyera, Madasamy. Uzikati waikweza mnzako wakumenya kale katatu."

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Ukudziwa? Ndiye wabwera kudzagula chikuni chokuwotchera mtembo?"

"Ndanena kuti ndikufuna kulimbitsa mikono. Ndi ndalama zingati?"

Anagwirizana marupi mazana anayi. Mwa mwambo, mphunzitsi amagoneka ndodo pansi, wophunzira n'kugwira dothi, kugwira pachifuwa, kenako n'kuitola. Achimwene anachita zonsezo, koma poitola anachita kugwiritsa manja onse awiri, mitsempha ya m'khosi ili njonjonjo. Anaweramitsa mutu kudikira dalitso. A Nainar anabwerera pamakala awo osawaika dzanja pamutu. Ndodoyo tinachita kuthandizana kuinyamula mpaka pamsewu, iwo kutsogolo ine kumbuyo, ngati tanyamula maliro.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli dziwe lalikulu lothirira minda, limene limauma nthawi yotentha. Mmenemo ndi mmene achimwene ankapita dzuwa likangotuluka. Ankaimirira atatang'adza, n'kumaizunguza ndodo ija kuseri kwa mutu, kumanja kenako kumanzere. Tsiku loyamba anafika kasanu ndi kawiri n'kukhala pansi. Sabata itatha anafika makumi awiri. Anayamba kumaliza mbale ya mpunga n'kupempha wina, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinkangodziopseza.

Sabata yachitatu ndinaona njinga yamoto itaima pansi pa mtengo wa nimu pamwamba pa khoma la dziwe. Pafupi pake panakhala mnyamata wamtali wovala malaya oyera, ndodo ili pamiyendo. Mphete ya ndodoyo inkanyezimira padzuwa. Achimwene atamaliza, iye analiza njinga n'kumapita. Mawa lake anabweranso. Tsiku lachinayi anabwera atatu, ndi pepala la mtedza wokazinga, ndipo anayamba kuwerenga mokweza.

"Makumi atatu ndi chimodzi! Makumi atatu ndi ziwiri! Aa, madala, mwatopa kale? Dzulo munafika makumi anayi!"

"Muziwonjezera mazira, amalume!"

Achimwene sankacheuka n'komwe.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinasiya mphika pamoto, ndinakwera khoma la dziwe mpaka ndinaima pamaso pa wamtali uja. Anali ndi chibwano cha bambo ake.

"Esakki, ukudikira chiyani pano?"

Anadzuka mwaulemu, mpaka anasasa makoko a mtedza pamalaya.

"Ndikudikira achire, azakhali. Munthu wodwala samenyedwa. Anthu angandiseke."

Ndinatsika khomalo. Masana amenewo ndinagwada pamaso pa achimwene n'kuwapempha kuti asiye. Ndinati azingogona pamkeka, azitsokomola mokweza, aziyenda chopendekera, mpaka mnyamatayo atope kapena akwatire. Ndinasiya kugula mazira. Ndinafika mpaka pobisa ndodo ija pansi pa matumba a mpunga, koma anaipeza.

"Mwana uja wadikira zaka khumi ndi chimodzi," anatero akuipukuta ndi nsanza yamafuta. "Ndimudikiritsenso?"

"Ndiye tengani yopepuka ija, achimwene! Bwererani kwa aphunzitsi!"

"Ndikagwira ija, Gomathi, dzanja ili silindifunsa. Lija tsiku silinandifunse."

Ndinapita kupolisi. Wapolisi anandifunsa ngati mnyamatayo anaopseza munthu. Ndinati amangokhala n'kumawerenga. Anati kuwerenga si mlandu.

Miyezi itatu inapita choncho. Mapewa a achimwene anadzaza, malaya awo akale anayamba kuwathina, ndipo ine ndinkadana ndi mnofu uliwonse umene unkabwerera. Anthu a m'tauni anayamba kuzungulira, kudzera njira ya kudziwe popita kumunda kuti aone. Anyamata aja anasiya nthabwala, kunatsala kuwerenga kokha, ndi mawu otsika. Ndili kukhitchini ndinkamva manambala aja kudzera pazenera.

Lachiwiri lina, mitambo ya mvula yoyamba itaunjikana pamwamba pa mapiri, ndinamva afika mazana awiri. Kenako kunali zii. Ndinasuzumira. Esakki anali akutsika khoma ndi ndodo ziwiri, anzake atatsala pamwamba. Anaponya imodzi pamapazi a achimwene.

"Tolani."

Achimwene anapukusa mutu. Anagwira ya bwemba ija ndi manja awiri, mopingasa pachifuwa.

Ndinatuluka ndikuthamanga wopanda nsapato. Kuchokera pakhomo panga kukafika pakati pa dziwe ndi kamtunda, ndipo dothi lake losweka limacheka mapazi. Ndinaona ndodo yoyamba ikugwa, achimwene n'kuitchinga. Phokoso lake linamveka ngati mtengo wathyoka. Anatchinga yachiwiri, anatchinganso yachitatu. Pamenepo mbali yonse ya Esakki inali poyera, ngakhale ine wogulitsa idli ndinaona, koma achimwene sanasuntheko.

"Bwezani!" anakuwa Esakki, mawu ake atasanduka ngati a mwana. "Bwezani, galu inu! Bambo anga munawabwezera!"

Yachinayi inagwera m'nthiti. Yachisanu inathyola fupa la paphewa. Ndodo yolemera ija inagwa, achimwene n'kugwada, manja atatsamira pansi, mutu uli poyera. Esakki anakweza ndodo yake ndi manja awiri pamwamba penipeni. Ndinkakuwa dzina lake, ndinkakuwa dzina la mayi ake, sindikudziwa china chimene ndinkakuwa. Anaima choncho nthawi yaitali, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Kenako anaitsitsa ndi mphamvu zake zonse, koma osati pamutu. Mphete yamkuwa inagwera padzanja lamanja la achimwene, pamene linali litatambasuka padothi.

Ndikufika, Esakki anali atatembenuka kale. Anandidutsa pafupi osandiona, misozi ndi mamina zili mbwee kumaso.

Kuchipatala anakhalako masabata atatu. Apolisi atabwera kudzafunsa, achimwene anati ndodo yawo yomwe ndiyo inawapulumuka n'kuwagwera. Wapolisi anayang'ana nthiti zomangidwa, phewa, ndi dzanja, n'kufunsa kuti inawagwera kangati. Achimwene anati ndodoyo ndi yolemera kwambiri. Zala zitatu sizinapindikenso mpaka lero. Amadya ndi supuni, ndi dzanja lamanzere, atatembenukira kukhoma chifukwa cha manyazi.

Anthu ankati nkhani yatha, magazi alipidwa. Ine sindinakhulupirire. Ndinalankhula ndi msuweni wathu amene amasoka malaya m'fakitale ku Tiruppur, ndipo anawapezera ntchito yaulonda pachipata. Ndinawakweza basi yam'mawa osauza ngakhale woyandikana naye nyumba.

Patatha masabata awiri, Esakki anabwera pa malonda anga. Anali atawonda, ndevu zosameta. Anaitanitsa idli zinayi, anadya ataimirira, anasamba m'manja, n'kulipira. Sanachoke.

"Azakhali, amalume anapita kuti?"

"Ku Chennai," ndinanama, maso ali pamphika.

Anayang'ana mabasi.

"Amayi akuti dzanja limodzi silikwana," anatero motsitsa mawu. "Kuyambira tsiku lija sanandipakulireko chakudya. Amangoika mbale ya bambo patsogolo pa chithunzi chawo."

Ndinavundukula mphika n'kuyamba kuchotsa idli zina.

"Chennai ndi mzinda waukulu, eti azakhali?"

"Waukulu kwambiri. Munthu sangapezeke."

"Eya," anatero. "Ndikawauza choncho."

Anawoloka msewu n'kukaima pamalo okwerera basi, ndipo ndinamuyang'anitsitsa mpaka ndinaona kuti wakwera yopita kumudzi kwawo.